Mzukwa Sunena Odi

Iwe Amina, iwe Yusufu, ndi ana anu amene mumandibweretsera kuti ndiziwaopseza akakana kusamba: mumandiseka kuti pa Lungwena ponse ndine ndekha wokuwa odi pakhomo la nyumba yanga yomwe, nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja awa. Mumati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Khalani pansi muwerenge. Zilembo zanga n'zokhota, ndikudziwa, sukulu ndinailekera Sitandade 3 aphunzitsi atadandaula kuti mawu anga akuphunzitsa kalasi ya pafupi. Koma cholembera chikakhota, nkhani siikhota. Za ubwana ndazidumpha, munalibe kanthu koma zipere ndi usipa. Ndiyambira pamene ndinayamba kutchedwa wantchito.

1987, ku Makokola

Ntchito yanga yoyamba inali pa hotela ina cha ku Makokola. Anandilemba chifukwa cha kholingo langa. Alendo akapita kutali ndi bwato, nthawi ya chakudya n'kukwana, sankavutikanso kutuma munthu. Ankangoti, “Bwanali, aitane.” Ine n'kuima pamchenga, n'kukuwa kamodzi kokha, akakowa onse m'mwamba. Bwana wathu anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamfupi, wovala tayi ngakhale mu Okutobala pamene abuluzi omwe amafuna mthunzi.

Pa hotelapo panali chipinda cha vidiyo, cha alendo okhaokha. Ife antchito tinkalowamo ndi tsache basi. Kumbukirani kuti masiku amenewo m'dziko muno munalibe wailesi ya kanema; ukanena kuti waona anthu akuyenda m'bokosi, anzako ankakununkhiza m'kamwa. Ine ndinapeza nzeru. Kunja kwa zenera la chipindacho kunali maluwa, ndiye ndinadzipereka kuti ndiziwathirira masana alionse. Maluwa amenewo anamwa madzi mpaka anaola mizu. Galasi la zeneralo linali lochindikala, mawu sankatuluka. Ndinkangoona milomo, maso, manja, ndi mmene munthu akutembenukira. Sukulu yanga yeniyeni inali imeneyo. Munthu akamanama, phewa limakwera. Akamapempha, khosi limafupika. Zimenezi n'chimodzimodzi kwa Mchaina, kwa Mmwenye ndi kwa Myao wa kwa Mponda. Ndikachoka pazenerapo ndinkathamangira kukhitchini kukafotokozera anzanga, mawu onse ndikuikamo ndekha.

Tsiku lina mzungu wina wandevu, woyenda ndi makaseti ake m'chikwama, anaika kaseti ya mizukwa. Ndinakaifotokoza kukhitchini ndi mtima wonse, moti wophika anaiwala chambo pamoto, ndipo alendo amene ankagona masana anadzuka poyesa kuti kwagwa ngozi. A Gondwe anafika tayi ili paphewa.

“Bwanali, ine ndinalemba munthu woitana mabwato, osati wailesi. Vula yunifolomu.”

“Yunifolomu ndivula, bwana,” ndinatero, “koma mawu ndipita nawo. Si a kampani.”

Mzungu wandevu uja anali ataima pakhomo la khitchini nthawi yonseyo, akuseka mpaka misozi ngakhale Chichewa sankachimva. Pochoka anandipeza pageti n'kundiika kasetiyo m'manja. Ena akachotsedwa ntchito amatuluka ndi kalata. Ine ndinatuluka ndi mizukwa m'thumba.

Sinali filimu imodzi ayi. Munali timafilimu tambiri tatifupi, ta m'mayiko osiyanasiyana, tolumikizidwa pamodzi ngati nsalu zotsala kwa telala. Kamodzi kanali ka telala amene makina ake ankasoka okha nsanda, ya msinkhu wa munthu amene adzalowe m'shopumo mawa. Kena kanali ka mudzi umene zithunzithunzi za anthu zinatopa kupondedwa, n'kusiya eni ake kupita kukamanga mudzi wawo. Kena ka msodzi wokalamba amene anavuula nsomba ya maso a mchimwene wake. Zoopsa zinalimo, zodabwitsa zinalimo, zina zongoseketsa. Pachikuto panali zilembo zonga mapazi a nkhuku, palibe anaziwerengapo. Komaliza kanali ka munthu woima pakhomo. Kameneko kasungeni, tikapeza kutsogoloku.

1989, pa boma, kufupi ndi kwa Mponda

Ndinakhala nthawi ndikunyamula akatundu pa depoti, kaseti ili pansi pa mphasa ngati chithumwa. Ndiye kunabwera Che Saidi, wamalonda a usipa wouma ndi nsalu, munthu wonenepa wa kofia yoyera, wosakwiya msanga koma wosaiwalanso. Iwowa anagula sikirini ndi deki kwa dalaivala wa thiraki yochokera ku Joni. Atafika nazo kunyumba anapeza kuti sikiriniyo ndi bubu: zithunzi zikutuluka bwinobwino, mawu zii. Okonza mawailesi a m'tauni anati chopsacho n'chosowa, mpaka ku Blantyre. Dalaivala uja anali atadutsa kale malire.

Anandipeza ndili ndi thumba la chimanga pamutu.

“Iwe ndiwe uja anakuchotsa ku hotela chifukwa cha phokoso?”

“Chifukwa cha luso, bwana.”

“Tula thumbalo. Ine ndili ndi kanema wopanda pakamwa. Iwe uli ndi pakamwa popanda ntchito. Tikwatitse ziwirizi.”

Umo ndi mmene ndinakhalira womasulira. Ndinkaima pambali pa sikirini, ndodo m'manja, n'kumalankhulira aliyense wa m'bokosimo: mfumu, wakuba, mtsikana, galu, chitseko chikamalira, ngakhale mphepo. Chimkuzamawu sindinachigwirepo. Anthu anangoti ineyo ndiye chimkuza, ndipo dzina la Chimkuza linandimata mpaka lero. Che Saidi analembetsa pabolodi panja kuti muno muli womasulira zilankhulo zonse za padziko. Wina akandifunsa kuti Chichaina ndinachiphunzira kuti, ndinkamuyankha kuti, “Sindinati ndinaphunzira. Ndinati ndimamva.” Ndipo ndinkamvadi, ndi maso.

Zinthu zinali zosowa, ana inu, simungamvetse ndi mafoni anuwa. Makaseti tinali nawo ochepa: a karate, a Chimwenye oimba, ndi yanga ya mizukwa. Kaseti ikaduka tinkailumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa akazi a Che Saidi. Pobweza kumbuyo tinkapota ndi foloko kuti deki isatope. Zithunzi zikayamba kugwa mvula tinkatsekula deki n'kupukuta mutu wake ndi kansalu konyowetsa sipiliti. Akamveka kuti oyendera mafilimu a boma ali m'tauni, kaseti ya mizukwa inkalowa m'thumba la usipa, chifukwa inalibe chidindo chawo. Mpaka lero imanunkha usipa. Koma anthu inkawakoka kuposa karate. Poti timafilimuto tinali tatifupi, munthu ankaopa, n'kupuma, n'kuseka, n'kuopanso, ngati kudya tsabola ndi chinangwa. Ndipo poti mawu anali anga, kaseti imodzimodziyo sinkakalamba. Lero telala uja ndi wa ku Namwera, mawa ndi mlamu wake wa munthu wakhala kutsogoloyo.

1991, ku Lungwena

Pa boma panatsekulidwa vidiyo ina yolankhula yokha, ya mfuti zomveka. Che Saidi anagula sikirini yatsopano ya m'tauni, ndipo bubu uja ndi ine anatikweza pa lole kutitumiza ku Lungwena. Anati ndi kukwezedwa pantchito, ndikakhala manijala. Manijala wa benchi, jenereta ndi chigubu cha petulo! Petuloyo ndinkakamutenga ndekha pa njinga, ndipo akasowa pa boma tinkakhala osaonetsa, ine n'kumafotokoza filimu pakhonde popanda chithunzi. Anthu ankabwerabe.

Tinkaonetsa masana, chifukwa asodzi usiku amakhala pamadzi ndi nyali zawo, m'mawa amagona. Mazenera tinatseka ndi masaka otha a chimanga cha othawa nkhondo. Nthawi imeneyo anthu a ku Mozambiki anali ponseponse m'midzi ya kuno, ambiri Ayao anzathu, olankhula ngati ife, kungoti akadabwa ankatukwana m'Chipwitikizi. Ndinaona chinthu chimodzi pa iwo. Ikakhala filimu ya asilikali, ngakhale inali yopanda phokoso, ena ankadzuka mwakachetechete n'kutuluka. Koma ya mizukwa ankaikonda, ankaseka mpaka kugwa pabenchi. Mkulu wina anandiuza kuti, “A Chimkuza, mzukwa wa m'bokosi suotcha nyumba. Tisiyeni tiziopa zimenezi, n'zokoma.” Dziko la azungu likaoneka litayera mbuu ndi chisanu chawo chija, ndinkawauza kuti kumeneko kumagwa ufa kuchokera kumwamba. Wina kumbuyo n'kukuwa kuti, “Nanga tinathawiranji kuno? Tikanapita komweko!”

Mmodzi mwa iwo anali a Domingo, amene kwawo ankakonza mawailesi. Tsiku loyamba lomwe anazungulira kuseri kwa deki, n'kundikokera pambali.

“Achimwene, bubu wanuyu si bubu. Mawu ali m'dekimu. Kawaya kamodzi kuchoka apa kupita ku wailesi ya kaseti, alankhula.”

“A Domingo,” ndinatero, “inu muzilowa muno ulere mpaka kufa kwanu. Kawaya kanuko kasungeni kunyumba.”

Anaseka, tinagwirana chanza. Mwini munda sauza anyani kumene mpanda wathyoka.

Tsopano ndifike pa amayi anu. Pakhomo la vidiyo pankakhala mayi wina wokazinga zitumbuwa, Abiti Jafali. Anachokera cha ku Mandimba pamodzi ndi amjomba awo, ndiye kuti amalume awo, Che Kasimu, mkulu wowonda woluka mphasa. Mwamuna wawo, Lashidi, anatengedwa m'mawa wina ndi anthu amfuti kuti akawanyamulire katundu, ndipo sanabwerenso. Palibe anaona mtembo, palibe anamva uthenga. Abiti Jafali anali wamtali, wosaseka wamba, koma lilime lake linali lumo.

“A Chimkuza, chepetsani mawu, mafuta akuthawa m'chiwaya.”

“Abiti Jafali, mawu angawa ndi amene akukuitanirani makasitomala.”

“Makasitomala anga amabwera ndi mphuno, osati makutu.”

Tinkatero tsiku ndi tsiku, ine n'kumadya zitumbuwa zopitirira njala yanga. M'vidiyo sankalowa, akazi sankalowamo kawirikawiri. Koma ndinazindikira kuti ikafika filimu yomaliza ya pa kaseti ya mizukwa, ankaphula chiwaya, n'kukweza pang'ono nsalu ya pakhomo, n'kuima pomwepo mpaka ithe.

Filimuyo inali yotere. Nyumba yamatabwa m'dziko la ufa lija. M'katimo mayi ali yekha, pakhoma pali chithunzi cha mwamuna wovala za usilikali. Kenako panja pakuoneka mwamuna yemweyo, jekete lalitali, nkhope yotuwa, waima pafupi ndi chitseko, milomo ikugwedera. Mayi uja akuima mbali inayo ya chitseko, dzanja pa mpiringidzo, koma satsekula. Pomaliza akutenga mbale ya chakudya, n'kuitulutsira pazenera kuiika pakhonde. Mwamuna uja akuiyang'ana, akutembenuka, akupita. Basi.

Ine pamenepo ndinkatulutsa luso lonse. Milomo ija ikayamba kugwedera ndinkakuwa kuti, “Odi! Odi kuno! Tsekula mkazi wanga, ndabwerako, kunja kuno kukuzizira! Odi, kodi muli ndi ndani m'nyumbamo?” Anthu m'benchi n'kumayankha okha kuti, “Lowani, bambo!” Mbale ikatuluka pazenera ndinkati, “Taonani nkhanza za akazi! Mwamuna wako wachoka kutali, iwe ukumupatsira panja ngati galu!” Amuna ankawomba m'manja. Ine sindinkayang'ana kunsalu ya pakhomo kuja. Womasulira amayang'ana kumene kukuchokera phokoso.

1993, chaka cha malole

Nkhondo itatha, malole anayamba kubwera kudzatenga anthu kuwabwezera kwawo. Midzi inayamba kuphwa ngati dambo mu Seputembala. Che Kasimu nawo anayamba kumanga mitolo. Ine mtima unandithawa. Ndinatuma ankhoswe anga kwa iwo kukapempha Abiti Jafali. Mkuluyo anavomera ndi manja awiri. Anati chatsala n'chimodzi: achite sadaka ya Lashidi, aphike mpunga, mashehe awerenge, munthuyo aperekezedwe monga womwalira, mkaziyo akhale miyezi yake yodikira monga mwa Chisilamu, kenako ukwati. Koma Abiti Jafali mwini wake anakana sadakayo. Ndipo Che Kasimu ananena poyera kuti mwana wa mlongo wawo sangamusiye m'dziko la eni wopanda mwamuna. Akapanda kukwatiwa, akwera nawo lole.

Ndinamupeza akutsuka chiwaya kuseri kwa vidiyo. Tsiku limenelo sitinanyozane.

“Abiti Jafali, ndili ndi chilema chanji ine?”

“Phokoso. Koma limenelo ndinalizolowera.”

“Nanga n'chiyani?”

Anapukuta manja pachitenje, n'kuloza ndi chibwano kukhoma la vidiyo.

“Bambo uja wa m'bokosi. Tsiku lililonse amabwera, amati odi, mkazi wake satsekula. Ine ndikagona ndimamumva odi ameneyo, koma ndi mawu a Lashidi. Ndikaphika sadaka ndiye kuti ndamutsekera kunja. Nanga akadzabwera n'kunena odi, nditsekule ndili mkazi wa munthu wina?”

Ndinati ndiyankhe, koma anandidula.

“Inu mumamva zilankhulo zonse, bolodi likutero. Ndiuzeni zoona zake. Osati zoseketsa asodzi. Bambo uja amati chiyani kwenikweni? Mawa muionetse, ndidzalowa m'kati, mudzanene pamaso pa anthu. Chimene adzanene iyeyo ndi chimene ndidzachite.”

Mwamva? Mkazi anaika moyo wake wonse pakamwa panga. Tsiku lomwelo Che Saidi anabwera kudzaona malonda, ndipo ndinawafotokozera. Anaseka mpaka kofia kugwa.

“Bwanali, Mulungu wakupatsira nsomba m'bwato, iwe ukufunsa kuti mbedza ili kuti? Ukanene kuti akuti, ‘Ndinafa ine, mkazi wanga, kwatiwa ndi wa vidiyo, ndi munthu wabwino.’ Adzatsutsa ndani? Mzungu wa m'bokosiyo?”

“Nanga ndikaika kawaya ka a Domingo, alankhule yekha?”

Kuseka kunatha. Za kawaya anali asanazimvepo.

“Ndiye kuti sikirini yangayi ikhoza kulankhula, iwe ukudziwa?” Anapukusa mutu. “Chabwino, zimenezo tidzakamba. Koma tamvera. Ukampatsa kanema pakamwa, iwe udya chiyani? Anthu akamva mfuti ikulira yokha, sadzafunanso munthu woti phuu ndi milomo. Ndipo ukudziwa chimene mzunguyo anene? Akanenadi odi m'chilankhulo chake, n'kumagogoda, n'kumalira? Mkazi wapita, ntchito yapita. Ganiza, mwana iwe.”

Ndinaganiza. Ine filimu imeneyo ndinali ndisanaimvepo ndi khutu chiyambire, pazenera la hotela paja mpaka pa Lungwena. Ndinkakhulupirira ndithu kuti amati odi, nanga munthu angaime pakhomo la mwini n'kunena chiyani china? Ndiye kuika kawaya kunali ngati kudzigwetsera ndekha m'madzi. Koma ndinaonanso mbali inayi. Ndikanena zanga n'kumukwatira, ndiye kuti tsiku lililonse pondipatsa madzi osamba adzakhala akupatsa munthu amene anamutsekera Lashidi kunja ndi pakamwa pake. Asodzi ndinkawanamiza mokoma, iwo akudziwa, ine ndikudziwa, ndiwo anali malonda athu. Uyu sanabwere kudzagula zimenezo. Ine Bwanali ndine wonyada, mukundidziwa. Ndinafuna mkazi wondisankha, osati womupha ndi ukonde.

M'mawa ndinapita kwa a Domingo. “Achimwene, tulutsani kawaya kaja.”

Mbiri inali itawanda, moti masana amenewo m'vidiyo munadzaza mpaka akazi, ana kumbuyo. Che Kasimu anakhala kutsogolo ndi ndodo yawo. Abiti Jafali anakhala pambali pawo, mpango utaphimba mpaka pachipumi. A Domingo analumikiza deki ku wailesi yawo ya kaseti. Ine ndinapota kaseti ndi foloko kufika pa filimu yomaliza, ndinaiika, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito imeneyi ndinakhala pansi pa benchi ngati munthu wamba.

Bubu analankhula. Choyamba kumveka inali mphepo, mphepo yoonda yolira ngati mwera ukamalowa pa mng'alu wa chitseko. Kenako nkhuni zikuthetheka pamoto. Mayi uja ankang'ung'udza kanyimbo pansipansi. Zaka zonsezo sindinadziwe kuti amaimba. Ndiye bambo uja anaoneka panja. Anafika pachitseko. Milomo inayamba kugwedera. Ine ndinagwira benchi, kudikira liwu limene lindithere zonse.

Silinabwere. Sanagogode. Sanaitane. Milomo ija sinkanena kanthu, inkangonjenjemera ndi kuzizira, mano akugundana pang'onopang'ono. Anangoima, mphepo ikulira.

“Chimkuza, masulira!” anakuwa msodzi wina kumbuyo. “Wagona kodi?”

Ine ndinaluma mlomo. Amene analankhula anali mayi uja, mbali yake ya chitseko, timawu tochepa tofewa m'chilankhulo chimene palibe anachimva, ngakhale a Domingo ndi Chipwitikizi chawo. Anatulutsa mbale ija. Bambo uja anaiyang'ana, anawerama pang'ono ngati munthu wothokoza, n'kutembenuka. Poti tsiku limenelo maso a anthu sanali pa ndodo yanga, mayi wina anaona chimene tonse tinkachiphonya: “Taonani, sakusiya mapazi pa ufapo!” Chithunzi chinatha, panatsala mvula ya pa sikirini.

Kenako Che Kasimu anagogoda pansi ndi ndodo.

“Sananene odi.”

Abiti Jafali anadzuka, anakonza mpango, anatuluka osandiyang'ana. Chiwaya sichinabwere mawa lake, ngakhale mkuja wake. Ine ndinati basi, nsomba yadumpha m'bwato. Ndinaonda, ana inu, ine amene simunandionepo nditasiya chakudya.

Tsiku lina ndikupukuta deki ndinamva fungo la mafuta panja. Ndinatuluka. Anali atakhala pamalo pake, akutembenuza zitumbuwa ngati palibe chinachitika.

“A Chimkuza, odi uja munamutenga kuti?”

“Ndinamuchitira ulemu bamboyo,” ndinatero. “Ndani angaime pakhomo la munthu osanena odi?”

“Palibe. Wamoyo palibe.” Anavuula chitumbuwa n'kuchiika pambale. “Lashidi analeredwa bwino. Ngakhale pobwera kumunda, pakhomo pake pomwe, ankati odi. Nkhondo yatha, amoyo onse atumiza mawu, ena afika ndi ndodo, ena opanda mwendo. Iye akanakhala ndi mpweya akanafika kale. Uja wa m'bokosi sanabwere kudzalowa. Anabwera kudzatsanzika. Ndipo mayi uja munkamunamizira nkhanza. Mbale ija ndi sadaka.”

Anandipatsa chitumbuwacho. “Mukauze amjomba agule mpunga.”

Sadaka inachitika, anthu anadya, mashehe anawerenga, Abiti Jafali analira tsiku lonse kulira kumene anakusunga chichokere ku Mandimba. Che Kasimu anamasula mitolo, anati malole adzawapeza m'tsogolo. Za ntchito, Che Saidi ananena zoona. Kawaya sikanachokenso. Asodzi atamva mmene chibakera cha karate chimalirira chokha, ndodo yanga inasanduka yopirikitsira nkhuku. Bwanayo sanandikalipire; anandisiyira njinga ya petulo ija n'kunena kuti, “Unali wailesi yabwino, Bwanali, koma wadzizimitsa wekha.” Kaseti yanga ndinatenga. Pambuyo pake ndinakhala woitanira malonda a nsomba padoko, mpaka mawondo atakana. Koma ntchito imene ndimaitcha ntchito inali ija.

Miyezi yodikira itatha ndinavala malaya oyera n'kupita kunyumba kwa Che Kasimu. Ndinaima pakhomo. Ine amene ndinkaitana mabwato ku Makokola, ine Chimkuza wa zilankhulo zonse, mawu anandithawa. Ndinangoti “odi” kakang'ono, ngati mwana wa mbuzi.

Kenako ndinamva mawu a amayi anu.

“Amjomba, mwamva kanthu? Kapena ndi mphepo.”

“Odi,” ndinabwereza.

“Kuwani, a Chimkuza. Ndidziwe kuti pakhomo pali wamoyo.”

Ndinakoka mpweya wonse wa pa Lungwena. Odi amene ndinakuwa tsiku limenelo mbuzi za Che Kasimu zinadula zingwe, ndipo ena amati anamveka mpaka kutsidya. Chitseko chinatsekuka. Asanandipatse mpando anandilonjezetsa chinthu chimodzi: kuti masiku onse a moyo wanga, ndikamabwera kunyumba, kaya ndachokera kudoko kaya kuseri kokha, ndizinena odi mokweza, asadzayang'anenso chitseko ndi mantha.

Lero

Kaseti ija ili m'sutikesi pansi pa bedi. Inachita nkhungu, ndipo deki yoti n'kuiikamo simungaipezenso ngakhale pa boma. Musadzaitaye. Mafilimu a mizukwa amene mumandionetsa pa foni ndawaona, magazi ambiri, phokoso lambiri, koma palibe wondiopsa ngati bambo uja wongoima.

Amayi anu tinawaika kumanda a kumtunda kuja, inu munalipo. Lonjezo lija sanalimasule pochoka, ndiye likadalipo. Ndikafika pakhomo ndimakuwa odi, ndimadikira pang'ono, kenako ndimalowa. Musekeni mkuluyu mmene mungafunire. Koma tsiku limene mudzandione nditaima pakhomopo duu, milomo ikugwedera, osanena kanthu, musadzaope ndipo musadzatsekule. Mudzangoika mbale pakhonde. Mpunga wake musadzaumire, mukundidziwa kadyedwe kanga.